Chithumwa Chimene Anasanza Dubai

Chinthucho anachipeza ndi mayi Zubeida Lolemba m'mawa, akusesa pabalaza. Chinali pansi pa mpando wa pakona, mpando womwewo umene dzulo lake anakhalapo Wiza Gondwe, mnyamata wa ku Rumphi amene ankafuna kukwatira mwana wawo.

"Suhaila! Bambo a Suhaila! Tabwerani mudzaone zimene mwandilowetsera m'nyumba!"

Suhaila anathamanga kuchokera kukhitchini manja ali thovu lokhalokha. Bambo ake, a Mikaili, anasiya makina awo osokera pakhonde n'kulowa pang'onopang'ono, tepi ili m'khosi. Anali atakhala ndi mayi Zubeida zaka makumi atatu, ndipo anasiya kalekale kuthamangira kukuwa kwawo.

Atatuwo anachizungulira chinthucho. Chinali chachitali ngati chala cha munthu wamkulu, chotuwa, chonyowa, chopotana bwinobwino ngati wina anachita kukhalira pansi kuchipota. Ulusi wofiira unali utachizinga, ndipo kumapeto kwake kunali tsitsi limodzi lalitali lakuda.

"Ndi chiyani chimenechi?" anafunsa Suhaila.

"Ukundifunsa ine? Kafunse Mtumbuka wako."

Kunena zoona, Wiza sanalakwitse kanthu Lamulungu lija. Nsapato anavula pakhomo osauzidwa, moni anapereka atanyonyomala, ndipo tiyi wa tangawizi, amene anamuwotcha mpaka misozi, anamuyamikira kawiri. Anali dokotala wa ziweto. Suhaila anadziwana naye chifukwa cha thalauzi imodzi imene ankabwera nayo kwa a Mikaili kuti aifupikitse, kasanu konse, mpaka a telalawo anamuchenjeza kuti ulendo wachisanu ndi chimodzi adzatenga kabudula. Panatha zaka ziwiri Suhaila akupempha mayi ake kuti mnyamatayo adzaonekere. Dzulo lakelo, mayi Zubeida anadabwitsa aliyense povomera kuti amalume ake a Wiza abwere Loweruka kudzayamba nkhani.

Ku Area 4 kukuwa sikupita pachabe. A Naphiri, a nyumba yoyandikana nayo, amene amagulitsa mandasi ndi kugawa nkhani mwaulere, anali atafika kale pakhomo. Anathyola kamtengo ka tsache, n'kuchitembenuza chinthucho uku ndi uku, akugwedeza mutu ngati nesi amene waona chilonda choipa.

"Konda ine uyu," anatero. "Wa kumpoto weniweni, osati wa pamsika pano. Tsitsi ili ndi la mwana wanu. Ulusi wofiira ndi womangira mtima. Amaika pansi pa mpando kuti nyumba yonse ivomere."

Mayi Zubeida anagwira pachifuwa. "Astaghfirullah! N'chifukwa chake dzulo ndinangovomera ngati chitsiru!"

"Ulusiwo ukuoneka ngati wanga," anatero a Mikaili motsitsa mawu.

"Ndiye kuti anakuberaninso."

Suhaila analumbira, analira, anagwada, koma zonsezo a Naphiri anati ndi umboni woti mankhwala agwira ntchito. Mayi Zubeida anachinyamula chinthucho ndi sipuni, n'kuchiika m'botolo la jamu, n'kutseka kolimba. Kenaka analamula kuti za Loweruka zija zatha, ndipo Wiza asadzapondenso pakhomo pawo.

Pa sofa, mphaka wa m'nyumbamo ankaonerera zonsezi akunyambita mwendo wake. Anali wa ubweya wautali wotuwa, wa nkhope yophwatalala ngati anagundidwa ndi chitseko. Dzina lake anali Dubai. Anabwera naye ndi Shafiq, mnyamata wogulitsa zipangizo za galimoto wa ku Area 43, amene anazindikira msanga kuti njira yofikira kwa Suhaila yadzera kwa mayi ake.

*

Mayi ake atalowa kubafa, Suhaila anajambula botolo lija pafoni n'kutumizira Wiza.

"Amayi apeza ichi pansi pa mpando wako. Akuti ndi konda ine. Amalume ako asabwerenso."

Yankho linabwera nthawi yomweyo: tinkhope toseka tisanu ndi tiwiri. Suhaila anatiwerenga kamodzikamodzi, mtima ukuwira.

"Ine ndikulira kuno, iwe ukuseka?"

Foni inalira. Anathawira nayo kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa papaya.

"Pepa Suu, pepa," anatero Wiza, mawu akunjenjemerabe ndi phwete. "Koma amenewo ndi masanzi a mphaka."

"Masanzi a chiyani?"

"A Dubai. Mphaka akamadzinyambita amameza ubweya. Lilime lake lili ndi timinga toloza kukhosi, ndiye ubweya ukakodwa sangaulavule. Wambiri umatuluka ndi chimbudzi, koma wina umatsala m'mimba n'kuundana, tsiku lina amausanza. Umatuluka wautali choncho chifukwa wadutsa pakhosi. Ndiye ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ubweya wake uja ukuthothoka kwambiri."

"Nanga tsitsi langa lalowamo bwanji?"

"Umapesera pati?"

"Pakhonde."

"Iye amagona pati?"

Suhaila anakumbukira kuti masana Dubai amagona pakhonde pomwepo. Kenaka mtima unayamba kukhala m'malo, mpaka anatsala pang'ono kuseka nayenso.

"Chimene sichikundisangalatsa ndi ulusiwo," anapitiriza Wiza. "Ulusi ndi woipa m'mimba mwa mphaka. Uzimuyang'ana ngati akudya. Ndiponso uone ngati akupita kuchimbudzi."

"Ine ndikukuuza za ukwati wathu, iwe ukundituma kukalondera chimbudzi cha mphaka?"

"Zonse ndi zofunika, Suu."

Anamudulira foni, kuti adziwe kuti yankho limenelo silinali lolondola.

Madzulo ake, akusankha mpunga ndi mayi ake, Suhaila anafotokoza zonse mwaulemu, za lilime, za timinga, za kutentha. Mayi Zubeida anamvetsera mpaka kumapeto, chimene sichinali chizindikiro chabwino.

"Masanzi? Dubai wanga? Miyezi itatu ali m'nyumba muno, unamuonapo akusanza?"

Suhaila anali asanamuonepo. Dubai anali ndi ulemu wake, ndipo masiku onsewo zoterezi ankachitira kuseri kwa thanki ya madzi.

"Wagwidwa, ndiye akunamizira amene sangathe kudziyankhira," anatero mayi akewo. "Ndiponso ndi nsanje. Akunyoza mphatso ya Shafiq chifukwa iye anabwera ndi chiyani? Nthochi."

"Zinali nthochi za ku Nkhata Bay, amayi."

"Ndazitaya."

*

Lachiwiri Dubai ananunkhiza chiwindi cha nkhuku n'kuchisiya. Mayi Zubeida anati wakhuta. Lachitatu sanayandikire n'komwe mbale yake. Ankangokhala pansi pa tebulo, n'kutambasula khosi, thupi lonse likugwedezeka ngati akufuna kusanza, koma osatuluka kanthu kupatula timalovu.

Mameseji a Wiza ankabwera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo onse ankayamba mofanana.

"Wadya?"

"Ine kapena iye?"

"Iye. Iwe ndikudziwa kuti ukakwiya umadya kwambiri."

"Sanadye. Inenso sindinadye, ngati ukufuna kudziwa."

"Chimbudzi?"

"Wiza, pali amuna ena amene amalembera atsikana ndakatulo."

"Suu, sindikuseka tsopano. Kusanza ubweya mwa apo ndi apo si nkhani. Koma akasiya kudya masiku awiri, akamayesa kusanza osatulutsa kanthu, chimbudzi osapita, ndiye kuti mwina chatseka matumbo. Bwera naye lero. Ndipo wina asamukakamize kumwa mafuta, angapite kumapapo."

Suhaila anawerenga meseji imeneyi kawiri, ndipo nsanje yake pa mphakayo inasanduka mantha. Sankamukonda Dubai kwenikweni. Ankamuona ngati nthumwi ya Shafiq imene imagona pa sofa n'kumadya chiwindi. Koma ankadziwa chimene mphakayo anali kwa mayi ake. Chichokereni azichimwene ake awiri kupita ku Joni, nyumba inali zii, a Mikaili n'kukhala munthu wa mawu asanu pa tsiku. Mayi Zubeida ankacheza ndi Dubai kuyambira swala, pemphero la m'mawa, mpaka dzuwa kulowa, kumuuza za mitengo ya zinthu pamsika ndi za ana osaimba foni.

Atapempha kuti apite naye kwa Wiza, mayi ake anakana kwamtuwagalu. A Naphiri anali atafika kale ndi tanthauzo lawo.

"Mankhwala aja aphonya mwana, agwera mphaka. Nyama zimatchinga eni ake. Mukam'pereka kwa mwini mankhwala, ndiye kuti mwam'pereka kokamumaliza."

Anafukiza lubani m'nyumba monse mpaka a Mikaili anasamutsira makina awo pansi pa mtengo. Dubai anakabisala kunsi kwa bedi.

*

Lachinayi m'mawa, fungo la mafuta onunkhira linalowa pageti, ndipo patapita kanthawi mwini wake analowanso. Shafiq anali atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala.

"Salaam aleikum, Mama. Ndamva kuti mwana wathu sakupeza bwino." Kenaka anatembenukira kwa Suhaila, mawu atafewa ngati batala. "Ndamvanso zina zija. Pepani, Suhaila. Anthu enawa umangowaona ndi mataye."

"Mwamva msanga," anatero Suhaila.

"Lilongwe ndi wamng'ono."

Wamng'ono ndithu, makamaka ngati a Naphiri ali ndi nambala yako. Shafiq anagwada pafupi ndi bedi, atayamba wayala kampango kuti maondo asade, n'kumukoka Dubai. Anamuyang'ana ngati mmene amayang'anira injini ya kasitomala.

"Iyi ndi nkhani yaing'ono, Mama. Paipi yangotseka. Ku Dubai, mphaka akatere amangomupatsa mafuta ophikira masipuni awiri, basi zatheka."

"Musam'patse!" anakuwa Suhaila. "Angapite kumapapo."

"Wakuuza ndani?" anafunsa mayi ake, maso atatuluka.

Suhaila anabisa foni yake kumbuyo, ndipo aliyense anamva yankho lake.

Shafiq anadzaza sipuni, n'kupana mphakayo m'khwapa. Dubai anali atafooka, koma osati mpaka kufika polola zimenezo. Zimene zinachitika sizinatenge nthawi. Sipuni inauluka, mafuta anatsikira pa thalauzi yoyera ija kuyambira m'chiuno mpaka pabondo, ndipo pa dzanja la makiyi panatsala mizere inayi yofiira.

"Chimphaka chopusa!" anakuwa Shafiq, n'kumutaya pansi.

Mawu amenewo anagwa moipa m'makutu a mayi Zubeida, koma analibe nthawi yowatola. Dubai anayenda mapazi atatu, anatambasula khosi, anadzikakamiza kusanza, n'kugwera kumbali. Mayi Zubeida atamugwira pamimba, mphakayo analira kulira kumene anali asanalirepo. Mimbayo inali gwa.

Mayi uja anakhala pansi pa simenti, mphaka ali pamiyendo, misozi ikutsika. Suhaila anali ataona mayi ake akukalipa, akulamula, akuthamangitsa ogulitsa makala, koma kulira kotere anakuona komaliza tsiku limene mchimwene wake wachiwiri anakwera basi ya ku Joni. Anawamvera chisoni mpaka mkwiyo wonse wa sabata imeneyo unasungunuka.

Apa ndi pamene a Mikaili anaganiza zogwiritsa ntchito mawu awo a tsikulo. Anaima pakhomo la chipinda, kabobini kali m'manja.

"Mayi a Suhaila, aka ndakapeza pansi pa kabati. Kanali kodzaza ulusi wofiira, pano kalibe kanthu, ndipo kali ndi mano a mphaka. Mtumbukayo sanafike kukabati." Anatembenuka. "Shafiq, mwana wanga, liza galimoto."

"Chabwino, Ababa. Ndikudziwa dokotala wina wa azungu cha ku..."

"Tikupita kwa amene ananena za ulusi asanamuone mphakayo."

Shafiq anatola makiyi ake. Munthu sangakane kunyamula apongozi amene akuwafuna. Motero anayendetsa galimoto lake lalikulu kulowera ku City Centre, thalauzi ikununkha mafuta ophikira, kukapereka banja lonse m'manja mwa mdani wake.

*

Wiza anawalandira pakhomo la chipatala cha ziweto atavala chijasi chobiriwira. Anapereka moni kwa akuluakulu, anagwedezera mutu Shafiq, n'kungoyang'ana Suhaila kamodzi. Maso ake onse anali pa mphaka. Ulendo uno Suhaila sanachite nsanje.

Anamuika pa tebulo, anamusisita pamimba mosamala, kenaka anamutsegula kukamwa n'kukweza lilime.

"Taonani, Mama. Ulusi wakodwa kunsi kwa lilime, mbali inayo yapita m'mimba."

Mayi Zubeida anasuzumira ali chapatali, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

"Ingokokanitu basi," anatero Shafiq. "Nkhani yake ndi yomweyo."

"Mukakoka mucheka matumbo, achimwene. Ulusi ukakungika umadula ngati lumo."

Anamujambula m'mimba, n'kuwaonetsa pamene panatseka. Anati palibe njira ina koma opaleshoni, ndipo iyenera kuchitika nthawi yomweyo. Sanabise kuti mphakayo wafooka ndipo chilichonse chikhoza kuchitika.

"Mum'ng'ambe?" anafunsa mayi Zubeida. Anakokera Suhaila pambali n'kumunong'oneza, koma kunong'ona kwawo kunamveka mpaka kwa agalu a m'zikwere. "Nanga akachita dala?"

"Amayi!"

Wiza anamva. Sanakwiye, kapena ngati anakwiya anameza.

"Mama, mwandikaniza pakhomo panu, ndipo zandiwawa. Koma uyu sanandilakwire. Ndimusamala ngati wanga."

Mayi Zubeida anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapsompsona Dubai pamutu n'kutuluka.

Anadikira maola awiri pa benchi ya panja, maluwa a jakaranda akuwagwera pamapewa. Mayi Zubeida ankawerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera. A Mikaili ankayang'ana msoko wa katani ya pawindo n'kumapukusa mutu. Shafiq ankazungulirazungulira akukangana ndi munthu pafoni za mabuleki, dzanja limodzi litaphimba banga la mafuta lija. Suhaila anapemphera pemphero limene sanaganizepo kuti angadzapemphere, loti mphatso ya Shafiq ikhale ndi moyo.

Chitseko chitatseguka, onse anaimirira.

"Wadzuka," anatero Wiza. "Ali ndi tulo, koma wadzuka."

"Alhamdulillah!" Mayi Zubeida anakhalanso pansi.

Wiza anali ndi kambale kachitsulo m'manja. Anakaika pa benchi. Munali chinthu chotuwa, chopotana, chachikulu kuposa chija, chozingidwa ndi ulusi wofiira wautali, ndi tsitsi lakuda apa ndi apo.

Pang'onopang'ono mayi Zubeida anatsegula chikwama chawo, n'kutulutsa botolo la jamu lija, limene ankayenda nalo podikira tsiku lokalionetsa kwa Shehe. Analiika pafupi ndi kambaleko. Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Mapasa," anatero a Mikaili. "Ndipo ulusi wonsewu ndi wanga. Ndinkafuna kusokera diresi la akazi a Ackson."

Suhaila analuma mlomo kuti asaseke. Wiza anayang'ana kumwamba, kumaluwa a jakaranda, mapewa akugwedezeka pang'ono.

"Mukanachedwa tsiku limodzi lokha tikanamutaya, Mama," anatero atadzigwira. "Akachira muzimupesa tsiku lililonse, ubweya uzitsala m'chipeso osati m'mimba. Madzi azikhala pafupi. Ndipo Ababa, ulusi muzisunga m'chitini chotseka. Akadzasiyanso kudya, kapena kuyesa kusanza osatuluka kanthu, musadikire a Naphiri."

Mayi Zubeida sankamva zonsezo. Ankayang'anabe botolo lija, nkhope itasintha.

"Ndiye kuti Lamulungu lija," anatero pang'onopang'ono, "ndinavomera ndekha? Popanda mankhwala?"

"Nokha, amayi," anayankha Suhaila, mtima ukuvina.

Akanakhala tcheru, akanaona kuti mayi ake sanasangalale nalo yankho limenelo. Anaona ndi Shafiq. Pobwerera anawatsegulira chitseko cha kutsogolo, ndipo njira yonse anayankhula nawo motsitsa mawu za mzikiti, za Ramadani, ndi za adzukulu oyenda ndi agogo awo ku madrasa.

*

Loweruka masana, tsiku limene amalume ake akanabwera, Wiza anafika yekha pa kabaza, dengu lili pamiyendo. Dubai anatuluka m'dengumo mimba itametedwa, m'khosi muli chipulasitiki chonga fanulo choti asanyambite bala. Anayenda ngati nduna imene yachotsedwa ntchito koma sinauzidwe.

Mayi Zubeida anamulandira Wiza ndi manja awiri. Anatulutsa makapu a maluwa agolide amene amatuluka pa Idi pokha. Panali samusa, panali mkate wa mpunga, ndipo tangawizi anali atachepetsedwa. Anamukhazika pa sofa, osati pa mpando wa pakona uja. A Naphiri anasuzumira pa mpanda kamodzi, n'kukumbukira kuti asiya mafuta pamoto.

Suhaila ankathira tiyi mwachimwemwe. M'mutu mwake anali atasankha kale nsalu.

"Adokotala, ndinakulakwirani," anatero mayi Zubeida. "Ndinakunenerani zoipa pamaso pa anthu. Mundikhululukire."

"Zinatha, Mama."

"Nthochi zija sindinataye. Tinadya."

Onse anaseka, ngakhale a Mikaili pakhonde.

"Ulusi wa pabalapo mudzachotsa liti?" anafunsa mayi Zubeida.

"Pakatha masiku khumi chichitireni opaleshoni. Lamulungu la sabata ya mawa."

"Mudzabwere m'mawa."

"M'mawa ndimakhala kutchalitchi, Mama. Ndimaimbitsa kwaya. Ndidzabwera masana."

Mayi Zubeida anaika kapu yawo pansi mosapanga phokoso.

"Ndi zimenezotu," anatero.

Pakhonde makina osokera anaima.

"Mwana wanga, ndikanakonda mukanakhala mfiti. Mfiti ndikanaithamangitsa ndi tsache, n'kugona tulo. Koma ndinu munthu wabwino, ndipo n'chifukwa chake ndinavomera tsiku lija ndisanaganize. Tsopano ndaganiza. Inu Lamulungu kutchalitchi, uyu Lachisanu kumzikiti. Ana adzapita kuti? Ine ndikadzafa, adzukulu anga adzadziwa kundichitira duwa, kundipempherera? Ana anga awiri anandithawa kupita ku Joni. Watsala mmodzi, ndipo sindim'taya ndikuona."

"Mama, zimenezo tikhoza kukambirana. Amalume..."

"Masana a Lamulungu limenelo kukubwera alendo. Amalume ake a Shafiq. N'chifukwa chake ndati mudzabwere m'mawa, kuti musadzachite manyazi."

Tiyi anasefukira m'kapu ya a Mikaili, n'kudzaza sosala, Suhaila asanazindikire kuti akuthirabe. Sabata yonse ankaganiza kuti mdani wake ndi botolo la jamu. Tsopano botolo linali m'dzala, ndipo mayi ake ankamukana Wiza akumumwetulira, atamupatsa kapu yabwino. Zimenezi zinamuwawa kuposa kukuwa kwa Lolemba.

"Amayi, ine mwandifunsa?"

"Ndakufunira zabwino. Udzandithokoza."

Suhaila anayang'ana kwa bambo ake. A Mikaili anali ataweramira nsalu, akufunafuna singano imene inali m'manja mwawo.

Wiza anamaliza tiyi wake, chifukwa analeredwa bwino. Anasiya mankhwala a Dubai pa tebulo, anafotokoza kamwedwe kake, anathokoza chifukwa cha samusa, n'kukavala nsapato zake pakhomo. Mayi Zubeida analola kuti Suhaila amuperekeze mpaka pageti. Anali ndi chifundo cha munthu amene wapambana.

Pageti anaima osayang'anana. Wa kabaza anali akudikira pamthunzi, dengu lopanda kanthu atalimangirira kumbuyo.

"Suu," anatero Wiza, "mphaka uja ulusi uyenera kuchoka tsiku limenelo, zivute zitani. Kwaya ndiisiyira wina. Ndidzabwera m'mawa, monga anenera."

Suhaila anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake. Anacheukira kunyumba. Pawindo, mayi ake anali atamunyamula Dubai ngati khanda, akuwayang'ana.

"Ayi. Upite kutchalitchi kwako, ukaimbitse kwaya yako."

"Ndiye ndidzabwere nthawi yanji?"

"Masana. Alendowo akakhala pansi."

"Suu, m'nyumba mudzakhala mutadzaza abale a Shafiq."

"Ndikudziwa. Mipando ndidzabwereka kwa a Naphiri," anatero Suhaila. "Udzabwere ndi amalume ako."